Mwera ndi Kagalimoto ka Rimoti: Mmene Kaumbidwe ka Thupi Kamasinthira Kayendedwe

Mawu oyamba

M'mwezi wa Julaye chaka chatha, ndili pa tchuthi kwathu ku Senga Bay m'boma la Salima, alamu anga anafika kuchokera ku Johannesburg kumene amagwira ntchito. M'katundu wawo munali kagalimoto koyendera batire, kowongoleredwa ndi rimoti, komwe anagulira mwana wawo wa zaka khumi. Sikanali katsopano ayi, anachita kugula kwa mnzawo wa kuntchito, komabe ndalama imene anaperekayo ikanakwanira matumba angapo a chimanga. Kanali ndi chigoba cha pulasitiki chooneka ngati pikapu, ndipo liwiro lake linali lakuti mwana wothamanga kwambiri m'mudzi mwathu sakanakapeza.

Ana anakatengera ku bwalo la mpira lomwe lili pafupi ndi gombe. Kumeneko kunachitika chinthu chodabwitsa. Kagalimotoko kakamalowera kumpoto kankayenda bwinobwino, koma kakatembenuka kuti kabwerere kummwera, kakangogunda kachulu kapena kamwala, kankadzutsa mphuno, n'kuuluka pang'ono, kenaka gubudu! chagada. Tsiku lachitatu chigoba chinang'ambika kutsogolo. Alamu anga anakwiya, nati mwanayo sadziwa kuyendetsa ndipo akalanda kagalimotoko akagulitse ku Lilongwe. Madzulo ake mwanayo anabwera kwa ine misozi ili m'maso. Anati, "Amalume, inu ndinu a ku yunivesite. Tandiuzani, n'chifukwa chiyani kakugwa mbali imodzi yokhayokha?"

Ine ndimaphunzira za zilankhulo ndi zolembalemba, ndipo sayansi ndinaisiyira ku sekondale. Koma funso la mwanayo linali lomveka, chifukwa dalaivala wosadziwa ntchito akanamagwetsa galimoto mbali zonse ziwiri. Mu nkhani ino ndifotokoza zimene ndinapeza nditawerenga ndi kuyesa. Mfundo yanga ndi yakuti chigoba cha galimoto yothamanga si chovala chongokongoletsa. Kaumbidwe kake ndi kamene kamalamula ngati mphepo ipanikize galimotoyo pansi kapena iinyamule.

Masewera amene ambiri sitiwadziwa

Kwathu kuno mwana akafuna galimoto amadzipangira yekha. Amapinda mawaya, mawilo amapanga ndi zitsekerero za mabotolo kapena zitini za polishi, amamanga ndi mphira wa chubu, kenaka amalumikiza waya wautali wokhala ndi chiwongolero. Galimoto ya mawaya imayenda pa liwiro la mwini wake, ndipo mpweya umangodutsa m'mipata ya mawayawo, kotero kuti nkhani ya mphepo siimukhudza. Komabe mwana aliyense amene anapangapo galimoto yotere amadziwa kuti basi yaitali msinkhu imagwa msanga pokhota kusiyana ndi galimoto yaifupi ndi yotakata.

M'maiko ena magalimoto a rimoti ndi masewera a akuluakulu. Kampani ya ku Japan ya Tamiya inatulutsa galimoto yake yoyamba ya rimoti m'chaka cha 1976, ndipo bungwe loyendetsa mipikisano ya dziko lonse, la IFMAR, linakhazikitsidwa mu 1979. Dziko la South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito, lachititsapo mipikisano yotere. Mu 2002 mpikisano wa magalimoto oyendera batire unachitikira ku Mogale City ndipo anapambana ndi Surikarn Chaidejsuriya wa ku Thailand. Mu 2018 unachitikira ku Welkom ndipo anapambana ndi Bruno Coelho wa ku Portugal.

Magalimoto a m'mipikisano imeneyi amakhala ochepa kakhumi poyerekeza ndi galimoto yeniyeni. M'lifupi mwake amakwana mamilimita 190, kulemera kwake sikufika kilogalamu imodzi ndi theka, koma amphamvu kwambiri amatha kupitirira makilomita 100 pa ola panjira yowongoka. Chigoba chake chimaumbidwa ndi pulasitiki yopyapyala yotchedwa polycarbonate. Pali makampani monga Protoform ya ku America ndi Bittydesign ya ku Italy amene amadziwika ndi kuumba zigoba zimenezi, ndipo opikisana amasintha chigoba malinga ndi bwalo lomwe akuseweramo, monga mmene msodzi amasinthira ukonde malinga ndi nsomba imene akufuna.

Mpweya ndi mphepo

Mawu a Chingerezi akuti aerodynamics anachokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza mpweya ndi mphamvu. M'Chichewa tili ndi mawu awiri osiyana amene amathandiza kumvetsa nkhaniyi. Mpweya ndi umene timapuma, ndipo ukakhala phee sitiumva. Mphepo ndi mpweya womwewo ukamayenda. Chofunika kudziwa ndi chakuti chinthu chothamanga chimadzipangira mphepo yakeyake. Amene anatulutsapo dzanja pa zenera la minibasi pamsewu wa M14 potsika kuchokera ku Lilongwe amadziwa zimenezi. Kunja kungakhale bata, masamba osagwedezeka, koma dzanja limakankhidwira kumbuyo. Mukapendeketsa chikhato zala zitaloza m'mwamba pang'ono, dzanja limanyamuka. Mukapendeketsa zala zitaloza pansi, dzanja limatsika.

M'dzanja limenelo muli mphamvu zonse zitatu zimene nkhani ino ikukamba. Yoyamba ndi yokankhira kumbuyo, imene imachepetsa liwiro. Yachiwiri ndi yonyamula, imene imaulutsa ndege ndi kusasula madenga a malata nthawi ya mkuntho. Yachitatu ndi yopanikizira pansi, imene a mipikisano amaitcha downforce. Mphamvu yachitatuyi ndi yamtengo wapatali kwa woyendetsa, chifukwa tayala limagwira nthaka molingana ndi mmene lapanikizidwira. Mukhoza kupanikiza tayala poika mwala m'galimoto, koma mwalawo udzafunanso kukokedwa, kuimitsidwa ndi kukhotetsedwa. Mphepo imapanikiza popanda kuwonjezera katundu.

Mphamvu zimenezi sizikula mofanana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya mphepo imawirikiza kanayi, ndipo likawirikiza katatu, mphamvu imawirikiza kasanu ndi kanayi. Apa ndi pamene panagona yankho la theka loyamba la funso la mwana uja. Julaye ndi nyengo ya mwera, mphepo yamphamvu yochokera chakummwera imene imawomba pa nyanja ya Malawi m'miyezi yozizira. Tiyerekeze kuti kagalimoto kakuthamanga makilomita 30 pa ola ndipo mwera ukuwomba makilomita 20 pa ola. Polowera kumpoto, mphepo ili kumbuyo, chigoba chimangomva mphepo ya makilomita 10. Pobwerera kummwera chimakumana ndi mphepo ya makilomita 50. Kusiyana kwa liwiro la mphepo ndi kasanu, koma kusiyana kwa mphamvu yake ndi ka 25. Pa bwalo limodzi lomwelo, ndi dalaivala mmodzi yemweyo, kagalimotoko kankakhala m'maiko awiri osiyana.

Chifukwa chake kakang'ono kamavutika kwambiri

Wina akhoza kufunsa kuti bwanji pikapu yeniyeni siigwa chagada ikakumana ndi mwera womwewo. Yankho lili m'masamu osavuta. Mukachepetsa chinthu kakhumi m'litali, m'lifupi ndi mu msinkhu, nkhope yake imene imakumana ndi mphepo imachepa ka 100, koma kulemera kwake kumachepa ka 1,000. Galimoto ya makilogalamu 1,300 imasanduka ya kilogalamu imodzi ndi magalamu 300. Choncho pa mphepo yofanana, kagalimoto kakang'ono kamamva mphamvu yochuluka kakhumi poyerekeza ndi kulemera kwake. N'chifukwa chake mphepo imauluza mankhusu n'kusiya chimanga m'lichero. Amayi opeta amagwiritsa ntchito lamulo lomweli tsiku ndi tsiku.

Pali chinthu chinanso chimene chimasiyanitsa zazing'ono ndi zazikulu. M'chaka cha 1883 katswiri wina wotchedwa Osborne Reynolds, yemwe ankaphunzitsa ku Manchester, anaonetsa kuti kayendedwe ka madzi kamasintha malinga ndi liwiro ndi kukula kwa njira imene akudutsamo, ndipo lamulo lakelo limagwiranso ntchito pa mpweya. Pa chinthu chaching'ono mpweya umakhala ngati wonanda, ndipo sutsatira bwino thupi lopindika mosalala. Pa chifukwa chimenechi phiko la kumbuyo kwa galimoto ya rimoti silifanana ndi phiko la ndege. Limakhala ngati kachitsulo ka fosholo kokhota kwambiri, kamene kamagwira mphepo n'kuiponyera m'mwamba kuti galimoto ikankhidwire pansi.

Mphuno, denga ndi phiko

Galimoto imakhota ndi matayala akutsogolo, koma imakhazikika ndi akumbuyo. Kuyenda bwino kumadalira mmene mphamvu yopanikiza yagawidwira pakati pa awiriwa. Matayala akutsogolo akapanda kugwira mokwanira, woyendetsa amapinda chiwongolero koma galimoto imakana, imangopitirira kutsogolo ngati ng'ombe ya pangolo yotopa. Akumbuyo akapanda kugwira, mchira umaterereka n'kupitirira mutu, galimoto n'kuzungulira ngati nguli. Pa Chingerezi vuto loyambalo amati understeer, lachiwirilo amati oversteer. Ine ndi mwana uja tinangoti "kukana" ndi "kutaya mchira", ndipo tinkamvana.

Chiwalo chilichonse cha chigoba chili ndi gawo lake. Mphuno yotsika, yokhala ndi kamlomo kosongoka pafupi ndi nthaka, imaletsa mphepo kulowa kunsi ndipo imaikweza pamwamba, motero matayala akutsogolo amapanikizidwa. Galasi lakutsogolo likakhala loimirira ndiponso lili pafupi ndi mphuno, mphepo imaligunda n'kukankhira kutsogolo pansi, galimoto n'kumakhota msanga. Likakhala logona ndi lobwerera m'mbuyo, galimoto imakhala yofatsa. Phiko lakumbuyo likakhala lalikulu kapena lotulukira kumbuyo, mchira umakhazikika, koma liwiro la panjira yowongoka limachepa. Timapepala toimirira m'mbali mwa phiko timagwira ntchito ya nthenga za muvi, kapena ya chipsepse cha kumchira kwa chambo: galimoto ikayamba kupatuka, mphepo imagunda mbali imodzi n'kuibwezera pamzere.

Zinthu zimenezi n'zosachedwa kusintha kotero kuti opikisana amasuntha chigoba chonse mamilimita ochepa okha kutsogolo akafuna kuti galimoto izikhota kwambiri, kapena kumbuyo akafuna kuti ikhazikike. Amasankhanso pakati pa chigoba chokhuthala mamilimita 0.7 ndi cha mamilimita 0.5. Kusiyana kwake ndi magalamu ochepa, koma magalamuwo ali pamwamba penipeni, ndipo pa bwalo pamene matayala amagwira kwambiri, kulemera kwa pamwamba kumagubuduza galimoto pokhota. Ili ndi phunziro lija la basi ya mawaya. Malamulo a mipikisano amaikanso malire a kukula kwa phiko ndi kutalika kwake, kuti wopambana apambane ndi luso osati ndi phiko lokha.

Nzeru imeneyi inayambira pa magalimoto akuluakulu. Mu 1966 Jim Hall wa ku America anaika phiko lalikulu pamwamba pa galimoto yake ya Chaparral 2E, ndipo pofika 1968 mapiko analowa m'mipikisano ya Formula One. Kenaka kampani ya Lotus, motsogozedwa ndi Colin Chapman, inaumba kunsi kwa galimoto mwanjira yakuti mpweya wothamanga pansipo uziyamwira galimoto kunthaka, ndipo Mario Andretti anapambana nayo mpikisano wa dziko lonse mu 1978. Koma mphamvu yomweyo ikatembenuka imakhala yoopsa. Mu 1999, pa mpikisano wa Le Mans ku France, magalimoto a Mercedes-Benz CLR ananyamuka m'mwamba n'kutembenuzika katatu konse, kawiri akuyendetsa Mark Webber ndipo kamodzi Peter Dumbreck. Mphuno inkadzuka pang'ono podutsa pa kamtunda, mphepo n'kulowa kunsi. Mwamwayi onse awiri anapulumuka. Nditaonera kanema wa ngoziyi pa foni, ndinazindikira kuti ndi zomwe zija zinkachitika pa bwalo lathu la mpira.

Zimene tinachita pa bwalo

Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'mawa mwake, mwera usanakule, tinatembenuza chigoba chija n'kuchiyang'anitsitsa. Kunsi chinali chotseguka ngati beseni lovundikira. Chinali chachikulu kuphimba matayala onse anayi, chinakhala pamwamba kwambiri, ndipo kumbuyo kunalibe potulukira mpweya. Mphuno ikangodzuka pa kachulu, mphepo yonse inkalowa m'kati n'kusowa kolowera, chigoba n'kusanduka ambulera. Ndinawerenga pambuyo pake kuti oyendetsa magalimoto a rimoti a mtundu wa pikapu amalidziwa bwino vutoli, ndipo amalifanizira ndi parachuti.

Poyamba tinachotsa chigoba chonse n'kuyendetsa mafupa okhaokha. Kagalimotoko kanasiya kugwa, ngakhale polimbana ndi mwera wa masana. Umenewu unali umboni wakuti vuto silinali mwanayo, ndipo ndinaitana alamu anga kuti adzaone okha. Koma sitikanakasiya choncho, chifukwa mchenga wa kunyanja ukanalowa mu mota ndi m'magiya. Kachiwiri tinatsitsa chigoba pa timitengo take mpaka pa bowo lomaliza, makamaka kutsogolo, ndipo pong'ambika paja tinamata ndi tepi. Kugwa kunachepa koma sikunathe. Kachitatu tinatenga mpeni wotentha n'kuboola mazenera akumbuyo ndi pansi pa bodi ya pikapuyo kuti mpweya wolowa uzituluka. Apa alamu anga anaima chilili, manja m'chiuno, nati, "Alamu, mukundionongera ndalama." Ndinawapempha kuti apirire pang'ono.

Chomaliza chinali phiko lomwe tinadula ku chigubu cha mafuta ophikira. Phiko loyamba tinalipanga lalikulu kwambiri, ndipo linatiphunzitsa kanthu. Mchira unakhazikika ndithu, koma polimbana ndi mphepo kagalimotoko kanayamba kukana kukhota, ndipo podumpha mphuno inkadzukanso chifukwa kumbuyo kunkapanikizidwa kopitirira muyeso. Titalidula pakati zinthu zinakhala bwino. Sitinali ndi chipangizo choyezera mphepo, choncho sindinganene kuti chosintha chilichonse chinathandiza motani pachokha. Chimene ndinaona ndi maso anga ndi chakuti mpaka tchuthi kutha kagalimotoko kankabwerera kummwera pa matayala ake anayi, ndipo nkhani yokagulitsa ku Lilongwe siinamvekenso.

Zimene asodzi amadziwa kale

Tikuboola chigoba chija, agogo ena oyandikana nafe, amene akhala akuwedza usipa ndi utaka kuyambira unyamata wawo, ankangotiyang'ana akusoka ukonde. Nditawafotokozera zimene timachita anaseka, nati, "Mwana wanga, zimenezo n'za bwato." Anandikumbutsa kuti bwato losema limakhala lotsika, lopapatiza pakamwa pake, ndipo katundu amaikidwa pansi penipeni. Mwera ukawapeza pakati pa nyanja salola kuti mphepo ndi mafunde zigunde bwato m'nthiti, ndipo palibe amene amaimirira. Anatinso boti la injini likathamanga katundu yense ali kumbuyo, mphuno imadzuka ndipo mphepo imaikankhira kumbali, choncho amatuma mnyamata mmodzi kukakhala kutsogolo. Madzi ndi olemera pafupifupi ka 800 kuposa mpweya, koma mafunso ake ndi omwewo: kulemera kuli pati, ndipo mphepo ikugwira pati?

Mafunso amenewa akalakwika pa chinthu chachikulu, chimene chimang'ambika si pulasitiki. Mu Julaye 1946 sitima ya Vipya inatembenuzika pa mphepo yamkuntho kumpoto kwa nyanja yathu, pafupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Ambiri amene analemba za ngoziyi amatchula kuti sitimayo inali yolemera kumwamba. Pamsewu wa M5 wodutsa m'mbali mwa nyanja timaona malole osanjikiza matumba mpaka kumwamba, ndiponso njinga zonyamula madengu akuluakulu a usipa wouma, katundu wopepuka koma wotambalala. Mphepo ya m'mbali ikawomba, kapena basi yaikulu ikadutsa pafupi, wapanjingayo amadzandira. Iye ali ngati kagalimoto kathu kaja: nkhope yaikulu, kulemera kochepa.

Monga wophunzira zilankhulo, chinandichititsa chidwi ndi chakuti pa ntchito yonseyi sitinasowe mawu. Tinalankhula za mphuno, mchira, nthiti, mafupa ndi phiko, kubwereka ziwalo za thupi monga mmene zilankhulo zambiri zimachitira. Mayina a mbali za dziko nawonso amayendera limodzi ndi mayina a mphepo: mwera ndi kummwera, mpoto ndi kumpoto, vuma ndi kuvuma, zambwe ndi kuzambwe. Anthu amene amatchula mbali za dziko ndi mayina a mphepo si alendo pa nkhani imeneyi. Pamene ndinakakamira pa mawu a Chingerezi mwanayo ankangogwedeza mutu, koma nditanena kuti mphepo ikulowa m'mimba n'kusowa potulukira, iye mwini ndiye analoza pofunika kuboola.

Mawu omaliza

Nkhani ino yaonetsa kuti kayendedwe ka galimoto ya rimoti kamadalira zinthu zinayi zokhudza thupi lake. Choyamba, mphamvu ya mphepo imakula mofulumira kuposa liwiro, ndipo liwiro lofunika ndi la mphepo imene chigoba chikukumana nayo. Chachiwiri, chinthu chaching'ono chimamva mphepo kwambiri poyerekeza ndi kulemera kwake. Chachitatu, mphamvu yopanikiza iyenera kugawidwa bwino pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo, apo ayi galimoto imakana kukhota kapena imataya mchira. Chachinayi, mpweya wolowa kunsi uyenera kupeza potulukira, ndipo kulemera kuyenera kukhala pansi.

Tsiku loti ndibwerere ku sukulu ndinadzera pa bwalo lija. Batire inali itatha ndipo magetsi anali atazima, choncho ana anabwerera ku magalimoto awo a mawaya. Atatu mwa iwo anali atamangirira timapiko ta chigubu kumbuyo. Ndinauza mwana wa achemwali angayo kuti pa liwiro la miyendo phikolo silichita kanthu. Iye anandiyankha kuti akudziwa, koma akufuna aone ngati lingagwire ntchito mwera ukafika pachimake.